Chaka Chimene Ndinatsogolera Apongozi ku Maloboti

Kwathu kwenikweni ndi kumapiri a ku Ntchisi, koma banja linanditengera kwa Msakambewa, ku Dowa, komwe ndili mkamwini mpaka lero. Anthu kuno akamakumbutsana za njala ya chaka chija amatchula gaga, mango ophika, ndi mbuzi zimene zinagulitsidwa pamtengo wa nkhuku. Ine ndikamva za chaka chimenecho ndimaona nsungwi yaitali, ine nditagwira kutsogolo, apongozi anga atagwira kumbuyo.

Ana a masiku ano sangamvetse, poti ena amadya ndi apongozi awo patebulo limodzi, mpaka kumapemphana mchere. Pamudzi pamene ndinakwatira ine sizinali choncho. Amayi a mkazi wanga Esinati, a Nambewe, sindinkalankhula nawo, sindinkawayang'ana kumaso, ndipo tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wanga Tadala, ine ndili chiimire pomwepo: "Tadala, uwauze abambo ako kuti mbuzi zalowa m'dimba." Nane ndinkayankhira kwa mwana yemweyo. Maso awo atachita ng'ala n'kusiyiratu kuona, ntchito inakhala yanga. Ndikamayandikira nyumba yawo ndinkatsokomola, kuti adziwe kuti mkamwini akudutsa, atembenukire kukhoma. Sikunali kudana ayi, unali ulemu. Ndipo mkamwini wophwanya ulemu umenewu ankapinda bulangete lake n'kubwerera kwawo, mkazi ndi ana n'kutsala.

Okutobala

Mvula ya chaka cham'mbuyo inadula chimanga chitangomasula, ndiye zimene tinakolola sizinafike n'komwe pa Okutobala. Nkhokwe yathu inasanduka poikira mazira nkhuku. Ndinkagalauza mizere m'munda wa a Nambewe, womwe tonse tinkadyera, m'mimba muli phala la gaga basi. Esinati anali ndi pakati, ndipo dzuwa likangokwera pang'ono ankakhala pansi, khasu lili pambali.

Mwini mbumba pamudzipo anali a Mbewe, mlongo wa apongozi anga, atsibweni ake a Esinati. Anali munthu wa jekete ndi mawu, khasu lawo linkadyedwa ndi dzimbiri. Tsiku lina anafika pakhomo panga n'kugogoda nkhokwe ndi chala.

"Akamwini, nkhokwe kumalira ngati ng'oma chonchi? Mkazi tinakupatsani, munda tinakupatsani. Kapena kwanu ku Ntchisi mumakolola miyala?"

Ndinaseka, poti mkamwini amaseka. Nkhokwe yawo iwo anali ataiphwasula kale, nsungwi zake n'kusonkhera moto.

Novembala

Mvula yobzalira inabwera bwino, ngati si yomwe inatinamiza chaka chatha. Mbewu tinali nayo chifukwa cha a Nambewe. Anasunga chimanga cha makolo m'kathumba, pogona ankatsamira pomwepo, ndipo Tadala alire bwanji sankalola kuti tikazingeko. Mbali ya kuchulu anabzala okha, akufufuza mzere ndi phazi, akukwirira ndi chidendene.

Titatha kubzala ndinalowa ganyu. Ndinkawokera fodya kwa anthu amene anali ndi kangachepe, malipiro ake mbale ya gaga. Koma ofuna ganyu tinachuluka kuposa mizere. Ku Boma mavenda ankakweza mtengo m'mawa n'kukwezanso masana. Unkanyamuka ndi ndalama ya ndowa, kukafika yasanduka ya kambale. Mbuzi zathu zinapita, wailesi inapita, njinga nayo inatsatira.

Disembala

Kunamveka kuti kukubwera lole ya chimanga cha thandizo. Tinakhala pabwalo la sukulu mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako matumba ali chipindire m'khwapa. Sabata yotsatira ena ankati lole inatitimira m'matope, ena ankati inakhotera kwina. Tinkadya mango aawisi ophika, kenako mango nawo anatha.

Khirisimasi itayandikira, a Nachisale, mayi wamasiye woyandikana nafe, wopunduka mwendo, anafika kuchokera ku Lilongwe atasenza ufa, shuga ndi sopo. Sanabise kumene anazitenga.

"Ndimakhala pa maloboti, pamene magalimoto amaima," anamuuza Esinati. "Ukatambasula dzanja wina amatseka galasi, wina amaponya. Manyazi ndi a tsiku loyamba lokha. Amayi akowa atapita sangagone ndi njala. Wosaona anthu amamumvera chisoni kuposa ife opunduka miyendo."

"Amayi anga si opemphetsa," anatero Esinati, n'kulowa m'nyumba.

Koma a Nambewe anali pakhonde lawo, ndipo makutu awo sanachite ng'ala.

Januwale

Chimanga chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira mochititsa kaso, koma masamba a chimanga sadyedwa. Tsitsi la Tadala linayamba kufiira, masaya n'kumatupa. Esinati anali atatopa, masiku ake atayandikira. M'mawa wina a Nambewe anaitana mwanayo.

"Tadala, uwauze abambo ako akadule nsungwi. Yaitali."

Esinati anamvetsa msanga kuposa ine. "Ama, amenewa ndi akamwini anu!"

"Ndikuwadziwa amene anakukwatira. Iwe ndi mimba imeneyo sungaime pamsewu. Mwanayu sindimutenga, akalawa msewu ndiye watayika. Atsibweni ako ndawapempha, akuti angaonedwe ndi anthu a kumpingo. Ndiye anditsogolere ndani? Kapena tingokhala pano kudikira kukumba manda?"

Ine ndekha kupita kukapempha sikukanatheka, munthu wa maso, manja ndi miyendo palibe amamuponyera kanthu. Ndinatenga chikwanje n'kutsikira kudambo. Nsungwi imene ndinabwera nayo a Nachisale ataiona anagwira m'chiuno.

"Kodi mukukatsogolera munthu kapena mukukagwetsa mapapaya?"

Tikunyamuka, Esinati anandikokera kuseri kwa nyumba. "Abambo a Tadala, kumeneko musakaiwale ulemu. Atsibweni akungofuna chifukwa. Ndipo amayi anga mubwere nawo amoyo." Ndinalonjeza zonse ziwiri, osadziwa kuti tsiku lina zidzakana kuyendera limodzi. Pamudzi tinanena kuti tikupita kuchipatala cha maso. Aliyense anavomera, ndipo aliyense ankadziwa. M'minibasi a Nachisale anakhala pakati pathu, nsungwi inatulukira pawindo.

Tsiku loyamba sitinapeze kanthu, ndipo chifukwa chake ndikachikumbukira ndimaseka mpaka misozi, kenako misoziyo imapitirira yokha. Magalimoto akaima ndinkawafikitsa pawindo, iwo n'kuyamba ndi ulemu wonse wakumudzi: "Wawa bambo. Mwaswera bwanji? Nanga kunyumba mwasiya bwanji?" Asanafike pofunsa za ana, getsi lasintha, galimoto yapita. Wina atawaponyera kangachepe, iwo anagwada pakati pamsewu n'kuyamba kuwomba m'manja, mahutala akulira mbali zonse.

"A Nambewe, kuno salonjerana," anawaphunzitsa a Nachisale. "Muzingoti, thandizeni bwana, njala. Basi."

"Kupempha munthu osamufunsa m'mene wadzukira?"

"Eya. Iwonso safuna kudziwa m'mene mwadzukira inu."

Anaphunzira. Pasanathe sabata mawuwo ankatuluka okha, ndipo nthawi iliyonse akatuluka ankandibaya.

Vuto lina linali loti a Nachisale anali ndi malo awo, maloboti ena kumtunda, ndiye masana panalibe wotilankhulira. Dzuwa la ku Lilongwe likatuluka mvula itangokata, phula limafuka nthunzi, ndipo apongozi analibe nsapato. Ndinamva nsungwi ikukokedwa.

"Ndodo iwe," anatero, "uwauze kuti tiimeko pamthunzi. Mapazi akupsa."

Ndinasowa chochita. Kenako ndinayang'ana nsungwiyo n'kuyankha, "Ndodo, uwauze kuti ndamva."

Mayi wina wogulitsa nthochi anaseka mpaka kutsamwa, kuganiza kuti ndife amisala. Koma kuyambira pamenepo tinkacheza. Ndodo inkandiuza kuti atopa, kuti fungo la petulo likuwazunguza mutu, kuti mvula ikubwera chifukwa bondo lawo layamba. Ine ndinkauza ndodo kuti galimoto ili kutsogoloyi ndi ya mzimayi, ayesepo. Pazaka zonse za ukamwini wanga sindinadziwe kuti a Nambewe ndi munthu wanthabwala. Ndinadziwira pamsewu, kudzera m'nsungwi.

Iwo ankagona ndi amayi ena opemphetsa pakhonde la sitolo kuseri kwa msika, ine patsidya, kwa alonda. Kuwasambitsa ndi kuwaperekeza kuchimbudzi inali ntchito ya a Nachisale. Pakudya tinkafulatirana, iwo kuyang'ana kukhoma, ine kuyang'ana kumsewu. Lachisanu linali tsiku labwino, eni masitolo ena ankagawira opemphetsa, ndipo tinkayenda khomo ndi khomo. Zimene tapeza tinkagula ufa, a Nachisale n'kupita nawo kumudzi.

Anthu a m'magalimoto ankatitenga ngati mayi ndi mwana wake. Ena ankati, "Mulungu akudalitse, ukusamala amayi ako." Koma ambiri ankandiyang'ana mapewa. Bambo wina wa tayi anatsitsa galasi dala. "Chimunthu chonenepa ngati iwe, osakalima bwanji? Kumazunza nkhalamba padzuwa!" Ine amene manja anga ali ndi zikang'a za khasu. Ndinafuna kumuonetsa manjawo, koma limodzi linali litagwira nsungwi, linalo linali litatambasuka kale.

Nsungwi yathu inkasowetsa anthu mtendere, ankapunthwa nayo n'kumatitukwana. Tsiku lina wakabaza anaiwomba n'kuithyola pakati. Ndinasema chidutswa chotsalacho n'kuwagwiritsa.

"Ndodo iwe, wafupika," anatero.

"Ndodo, uwauze kuti kuno nsungwi n'zogula."

Mwezi ukupita kumapeto, a Nachisale anabwera ndi uthenga woti Esinati wachira, mwana wamwamuna, ndipo masaya a Tadala aphwa. Apongozi analuluta pomwepo pa maloboti. "Ndodo, uwauze kuti mwanayo dzina lake ndi Pilirani."

Febuluwale

Mvula inatsekula, osapuma. Magalasi a magalimoto ankakhala otseka, ndipo opemphetsa tinachuluka. Kunali ochokera ku Dedza, ku Salima, ngakhale a kwathu ku Ntchisi, amene tinkazembana maso. Kunamvekanso zoti onse opempha m'misewu awanyamula pa lole, ndiye tikaona lole iliyonse tinkalowa m'tinjira ta kumsika. Apongozi ankanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Ndinauza ndodo kuti tibwerere. Ndodo inayankha kuti chimanga sichinakhwime, ndipo mwana woyamwa amadya kudzera mwa amake.

A Nachisale anapita ndi ufa kumudzi, n'kupezako maliro a m'bale wawo, ndiye anachedwa kubwerera. Masiku oyamba amayi a pakhonde paja ankawathandiza a Nambewe. Kenako m'mawa wina ndinafika n'kutsokomola monga mwa masiku onse, koma sanatembenukire kukhoma. Anali chigonere. Amayi aja anali atasunthira kutali, atatseka mphuno ndi zitenje.

"Amayi anuwa atsegula m'mimba, akusanzanso. Achotseni pano, angatipatsire."

Ndinawapempha kuti mmodzi yekha awasambitse, ine nditunga madzi. Ndinachita kugwada.

"Bambo, ifenso tili ndi ana. Mukuopa chiyani, si mayi anu?"

Chitenje chawo chinali chitaipa chonse, ntchentche zikuzungulira. Milomo inali itauma, maso atalowa m'kati. Dzanja lawo linkafufuza pansi mpaka linapeza nsungwi.

"Ndodo," ananong'ona, "uwauze azipita. Asandione chonchi."

Ndinaima pamenepo ndikumva mawu a Esinati, onse awiri. Kenako ndinawalanda nsungwi ija pang'onopang'ono n'kuiika pambali.

"Ama," ndinatero, "ndikunyamulani."

Aka kanali koyamba kulankhula nawo chibadwire. Ndinawabereka, ndipo ankapepuka ngati mtolo wa mapesi. Kuseri kwa msika kunali mpopi. Mlonda wina anandibwereka ndowa, ndinamanga bulangete langa pampanda kuti pakhale potchinga, n'kuwavula. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma munthu sungamusambitse utayang'ana kumbali. Iwo sanakane, analibe mphamvu zokanira. Misozi yokha ndi imene inkatsika m'maso osaonawo, ndipo nane ndinkalira, osati chifukwa cha fungo. Nditatha ndinawafunda bulangete lija. Minibasi zinakana kutikweza, ndiye ndinawabereka mpaka kuchipatala.

"Ndi mayi anu?" anafunsa namwino.

"Ndi apongozi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawaika diripi, n'kundiuza kuti ndikanachedwa pang'ono ndikananyamula mtembo. Masiku onse amene anagona kumeneko wowadikirira ndinali ine. Kuwamwetsa phala, kuwatembenuza, kuchapa zitenje. Sanalankhule nane, ndipo ndodo nayo sanailankhule.

A Nachisale atabwerera anatifunafuna pakhonde paja, amayi aja n'kuwauza zonse, moyamikira. "Mwana wawo uja ndi munthu. Anawasambitsa yekha ndi manja ake."

Malichi

Tinafika kumudzi maungu atayamba kupsa, chimanga chachiwisi chikuwotchedwa m'makomo. Manda a pamudzi anali ndi mitumbira yatsopano, ina ing'onoing'ono. Pakhomo panga onse anali amoyo. Ndinamunyamula Pilirani koyamba, Tadala akukoka thalauza langa, ndipo ndinaganiza kuti zatha.

Esinati ndinamuuza ndekha tsiku lomwelo. Anati, "Munachita bwino," n'kuyamba kulira ngati pachitika maliro.

A Nachisale sanali munthu woipa. Nkhaniyi anaifotokoza pamjigo monga m'mene anaimvera, yoyamikira. Koma inachoka pamjigo itavala zovala zina. Amayi a pamudzi akandiona ankatseka pakamwa ndi chitenje. Anyamata a pabawo ankandikuwa, "Anamwino, mwaswera?" Ena anawonjezerapo zimene sindingalembe pano. Anthu omwewo amene ankabwera kwa Esinati kudzapempha kaufa ka ku maloboti.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandipweteka n'chakuti ndikatsokomola, a Nambewe sankatembenukiranso kukhoma. Ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kenako anasiyiratu kukhala pakhonde.

Epulo

Chimanga chikuuma m'munda, a Mbewe anaitanitsa abale, natumanso uthenga ku Ntchisi kuti nkhoswe yanga ibwere. Tinakhala pakhomo pawo. A Nambewe anawabweretsa n'kuwakhazika pamphasa atatifulatira, chidutswa cha nsungwi chija chili pamiyendo.

"Sitikukana kuti anawapulumutsa," anayamba a Mbewe, atavala jekete lawo. "Koma mkamwini amene waona thupi la apongozi ake angakhale nawo bwanji bwalo limodzi? Mlongo wangayu wadzitsekera m'nyumba ngati wamlandu. Mudzi ukutiseka. Akamwini abwerere kwawo. Anawa ndi athu, tilera."

"Mulera ndi chiyani, atsibweni?" Esinati anadzuka mwana ali kumsana. "Ufa wa ku maloboti simunkatuma mbale inu? Akanawasiya amayi afere pakhonde la sitolo kuti inu musasekedwe?"

"Khala pansi iwe, pano pali akulu."

Nkhoswe yanga inkangoyang'ana pansi. Ine ndinali ndi zonena, koma mkamwini salankhula pamlandu wake. Ndinkangoganiza za njira ya ku Ntchisi, ine ndi bulangete, Pilirani n'kudzakula akundidziwa ngati mlendo wobwera pa Khirisimasi.

"Ndodo iwe."

Anthu anayang'anana, poti sankadziwa za kulankhula kumeneku.

"Uwauze alongo anga kuti anena zoona. Ine ndi abambo a Tadala sitingakhalenso bwalo limodzi. Ndikamva chifuwa chawo thupi langa lonse limakumbukira madzi aja, ndimalakalaka nthaka itandimeza. Koma uwauzenso kuti wochoka ndine. Ndikakhala kwa mng'ono wanga ku Mtengowanthenga."

"Mlongo!" A Mbewe anaimirira. "Mudzi uno ndi wanu, munda ndi wanu, amayi athu anagona pano. Zinayamba zachitika kuti, mwini mudzi kuchoka chifukwa cha mkamwini?"

"Ndodo, uwafunse kuti tsiku lija ndinkafuna wonditsogolera, mwini mbumba anali kuti? Adzukulu angawa akufuna khasu, ndipo khasu lili ndi abambo awo. Ine kulikonse ndi mdima womwewo."

Esinati anawagwira miyendo. "Ama, musatero. Timumangira nyumba kumunda, azikhala kutali."

"Njira ya kumunda imadutsa pakhomo panga, mwanawe. Ndisiye."

A Mbewe anakhala pansi n'kuyamba kusewera ndi batani la jekete.

Meyi

Sanadikire n'komwe kukolola. Ngolo inabwera, anakwezamo mphasa, mphika ndi kathumba kaja ka mbewu, kali kopanda kanthu. Amayi a pamudzi, ngakhale otseka pakamwa aja, anawaperekeza mpaka kumsewu akulira. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe, monga ulemu umafunira, ndikumvera mateyala mpaka anasiya kumveka. Sindinatsanzikane nawo.

Chimanga chinabereka chaka chimenecho, moti nkhokwe ndinachita kuluka ina. Mbali ya kuchulu, imene anabzala ndi phazi, ndiyo inaposa. Mavenda omwe aja anabwera ndi masikelo awo, akugula pamtengo wolira, ngati sanali iwo mu Januwale. Anthu anayambanso kundilonjera. Usiku wa njala ukapita anthu amaiwala msanga, koma ine chakudya sichinkandikomera ndikayang'ana chitseko chotseka chija.

Juni

Kutazizira ndinatonola chimanga cha kuchulu, ndinadzaza thumba, ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku Mtengowanthenga. Ndinawaona ndili patali, akuwothera dzuwa pakhomo pa mng'ono wawo, atawonda, atafunda bulangete. Ndinatsika panjinga n'kutsokomola.

Anadzuka, anafufuza khoma ndi dzanja, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndinatula thumba pakhonde. Mng'ono wawo anafuna kukhala pakati kuti atilankhulire, koma mawu anatuluka kuseriko.

"Ndodo, uwafunse, mbali ya kuchulu inabereka?"

"Ndodo, uwauze kuti thumbali ndi la kuchulu komweko."

"Nanga Pilirani?"

"Uwauze kuti akulemera. Wayamba kuseka."

Ndinkamva kupuma kwawo kuseri kwa ngodya ya nyumba, pafupi kwambiri, kufupi kuposa nsungwi yathu isanathyoke.

"Ndodo, uwauze kuti ndathokoza. Ndathokoza chimanga, ndathokozanso zinazo. Koma uwauze kuti chaka chamawa azidzatuma munthu. Asamabwere okha."

Ndinafuna kunena kuti "Ama," ngati m'mawa uja. Liwulo linafika pamlomo.

"Ndodo," ndinatero, "uwauze kuti ndamva."

Sindinawaonenso. Chaka ndi chaka thumba la kuchulu linkapita ndi Esinati ndi ana. A Nambewe anakhala kumeneko mpaka anamwalira, ndipo kumudzi kwawo anabwerera ali m'bokosi. Ine ndidakali pano, ndikulima munda wawo, ana anga akukula ndikuwaona. Anthu amati ndinali ndi mwayi, ndipo n'zoona, koma mwayi umenewu umandiwawa.

Nyumba yawo ilipo, timasungamo makasu ndi mbewu, ndipo njira ya kumunda imadutsabe pakhomo pake. Tsiku lina Pilirani, yemwe tsopano amasenza khasu lake, anandifunsa.

"Ababa, bwanji nthawi zonse tikafika apa mumatsokomola?"

Ndinamuuza kuti ndi fumbi. Munali mu Januwale, mvula ikugwa.